Chingwe cha Wamanzere

"Iwe unafika Sitandade Sikisi, tandiuza. Mkazi akakupachikira chingwe pakhomo, iye osanena kanthu, ndiye kuti wati chiyani?"

Anandifunsa motero a Zebron Kwenda Lachiwiri lapitali, titakumana pa khoma la damu la kwathu kuno kwa Zingalume. M'manja anali ndi chingwe cha khonje chowonda ngati pensulo. Ine chichokereni kusukulu ndimangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo ndimadzitama kuti palibe funso la m'mudzi lingandigwetse. Limeneli linandigwetsa. Ndiye ndati ndilembe za munthuyu, poti aliyense kuno amawadziwa ndi dzina lachipongwe, koma wokhala nawo pansi n'kuwafunsa sanapezeke.

A Zebron si akuno. Kwawo ndi kwa Zemba, ndipo anabwera chikamwini mu 1936 atakwatira a Elinata a kwa Mwale. Akuti masiku amenewo anali munthu wa nthabwala, woti akafika pa dima, pamene anthu amalimirana munda, makasu ankayenda okha. A Elinata anali ndi mlongo mmodzi yekha, Yosefe, amene akanadzakhala mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Alamu awiriwa anagwirana ngati khasu ndi mpini. Choncho pamene a Zebron anaganiza zokafuna ntchito mu 1941, Yosefe anamanga kamtolo kake tsiku lomwelo. Anzawo ankalowera ku Walale ndi ku migodi, koma iwo anatsata njira ya kwa Apwitikizi, atamva kuti pa Zambezi pali ntchito ya ngalawa. Potsazikana apongozi ananena mawu amodzi okha, kuti mwana watengedwayo adzabwezedwe akuyenda ndi miyendo yake. A Elinata anawaperekeza mpaka pamtsinje, kamwana kawo Timoti kali kumsana.

Anayenda pansi mpaka ku Tete, kuchoka apo anatsika ndi mtsinje mpaka ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere yopanda tsidya. Kumeneko analembedwa pa ngalawa ya Mmwenye wina, yonyamula mitengo yomangira ndi kokonati kupita nazo ku Kilimane. Injini inalibe, inkayenda ndi mphepo. Thanga ndi chinsalu cholimba chokoleka pa mlongoti, ndipo mphepo ikadzazamo limakoka ngalawa ngati ng'ombe pa ngolo. Panali lalikulu pakati, ndi laling'ono la nsonga zitatu kutsogolo. Laling'onolo linkamangidwa ku mtengo wautali wotuluka pamphuno pa ngalawa, pansi pake madzi okhaokha. Namondwe akayamba, thanga limeneli linkayenera kuchoka msanga, apo ayi ngalawa inkalowetsa mutu m'madzi. Munthu ankakwawa pa mtengowo atautangadza ndi miyendo, n'kukumbatira thangalo n'kulimanga. Ntchito imeneyi inali ya alamu awiriwa mosinthana, lero uyu, ulendo wina uyo. Anaigwira zaka zisanu.

Tsiku lina mu Febuluwale wa 1947, dzuwa lili pamutu, kumwera kunada bii. Woyendetsa anakuwa kuti thanga la kutsogolo lichoke. Inali nthawi ya a Zebron. Iwo ankadziwa, Yosefe ankadziwanso. Koma ataona mtengo uja ukumira m'mafunde n'kuvuuka ukuchucha, sanaukwere. Anawerama n'kuyamba kukonza mfundo ya chingwe china chimene chinali chomanga bwino kale. Yosefe anawaona, anaseka, n'kuwamenya paphewa.

"Alamu, miyendo yachita dzanzi? Khalani pomwepo. Mungasiye mlongo wanga wamasiye, ine n'kumalima minda iwiri."

Anapita akuseka choncho. Funde loyamba linamupitirira, iye n'kuvuuka atakumbatira thanga. Lachiwiri linadula chingwe cha pansi, thanga ndi munthu n'kugwera m'madzi limodzi. A Zebron anagwira chingwe chotsalacho n'kukoka, chikuwasenda manja, mpaka chinawaphwanyira zala ziwiri za kumanja pa mphepete mwa ngalawa. Chinali cholemera, ndipo mtima unkawauza kuti munthu ali momwemo. Atalikweza thangalo analifunyulula msangamsanga. Munali madzi basi.

Patapita milungu itatu, ali padoko ku Kilimane dzanja lili m'nsanza, anaona kangalawa kosewerera ka Mzungu wina kakulowa. Mwini wake anakhala kumbuyo, kaliwo ali kukamwa. Atayandikira anangokoka kachingwe ndi dzanja limodzi, thanga la kutsogolo n'kudzikulunga lokha ngati mphasa, iye osadzuka n'komwe. A Zebron anasendera pafupi. M'munsi mwa thangalo munali chinthu chamkuwa chonga chokulungira ulusi cha makina osokera, koma chachikulu ngati mbale ya ndiwo, ndipo kunsonga kwake kunali kachitsulo kozungulira. Thanga likamatambasuka kachingwe kankadzikulunga pa chinthucho, ndipo ukakakoka chinthucho chinkazungulira n'kukulunga thanga. Nzeru yonse inali yomweyo. Yosefe anafera chinthu chokwana m'thumba la malaya. A Zebron anakhala pansi padoko pomwepo mpaka mlonda anachita kuwathamangitsa.

Thanga long'ambika lija Mmwenye anali atalitaya. Iwo analipempha, kulipinda, n'kulisenza pamutu ulendo wonse wobwerera. Anafika m'mudzi masika atatha, ali okha.

Maliro opanda mtembo kwathu timaika thunthu la nthochi, kuti manda akhalepo ndi mzimu upeze pogona. Akuluakulu a kwa Mwale anapempha nsalu ija kuti ikhale nsanda yokulungira thunthulo, poti ndiyo inamukhudza Yosefe komaliza. A Zebron anakana. Anangoikhalira n'kupukusa mutu. M'mutu mwawo munali mutalowa kale chokulungira chija, koma zoterezi ungazifotokoze bwanji pamaliro, anthu akulira? Thunthu linapita m'mphasa yakale. Apa ndiye panawonongekera zonse. Mkamwini sakula mwendo, nanga uyu wobwera ndi nsalu atasiya munthu, n'kukanizanso nsaluyo? Mphekesera inayenda kuti anagulitsa mlamu wawo kwa eni ngalawa kuti akhwimire, kuti zala anadziphwanya okha, kuti mzimu wa Yosefe anaupindira m'nsalumo. Anthu akuno madzi aakulu amene anaonapo ndi mtsinje wa Nsadzu utasefukira. Ankafunsana kuti ndi madzi anji omeza munthu wamkulu osakamulavula kumunsi.

Apongozi anamwalira chaka chotsatira asanawayankhenso moni. A Elinata akanatha kuwatulutsira nkhwangwa ndi bulangete panja, monga amachitira akazi akatopa ndi mkamwini, koma sanatero. Ankawaphikira, kuwachapira, kulima nawo mzere ndi mzere. Koma za Yosefe sanafunse ngakhale kamodzi. A Zebron akangoti ayambe nkhaniyo, mayiwo ankadzuka kukaingitsa nkhuku zimene panalibe. Kamodzi kokha anayankha, akusenda chinangwa, maso ali pa mpeni.

"Bambo a Timoti, nyanja yanuyo ine sindinaione. Mukandiuza ndimva mawu chabe."

Mwina mayiwo ankangotseka nkhani. Koma a Zebron anamva ngati awatuma. Kuyambira tsiku limenelo moyo wawo unatsala ndi ntchito imodzi, kuti a Elinata adzaone ndi maso thanga lili pamadzi, aone pamene munthu ankakwawa, aonenso kachingwe kamene kakanamupulumutsa. Ndipo pamenepo, ali awiriwiri m'ngalawa, adzawauze chimene sanauzepo munthu aliyense, kuti tsiku lija inali nthawi yawo.

Zaka zisanu ndi zinayi madzi oyandamitsa ngalawa kunalibe. Thanga linkakhala kudenga, iwo n'kumalitsitsa mwezi ndi mwezi kuliyanika kuopa njenjete. Timoti anakula akutonzedwa ndi anzake, ndipo atangomera ndevu anathawira ku migodi, kumene kalata amalemba mwa apo ndi apo. Kenaka mu 1956 pa dambo lathu panakumbidwa damu loti ng'ombe zizimwapo. Mvula itagwa, a Zebron anaima pakhomapo tsiku lathunthu akuyang'ana timafunde tating'ono ngati mizere ya mbatata. Mawa lake anayamba kucheka matabwa.

Ndi dzanja limodzi ndi theka, ngalawa ya mikwamba iwiri inawatengera zaka ziwiri. Matabwa anali a mlombwa, m'ming'alu anatsekamo thonje ndi phula la njuchi. Anaimangira kuseri kwa nyumba, n'kuimikamo mlongoti wa bulugamu, ndi mtengo wina wotuluka pamphuno monga zinalili ku Chinde. Chokulungira anapanga ndi habu ya njinga yakutha, ataiboolera mbale ziwiri zachitsulo zofulatirana kuti chingwe chizigona pakati. Kunsonga anaikako pedulo kuti kuzizungulira. Atayesa koyamba, m'munsi munakulungika koma kumwamba kunangotsala kukupizakupiza ngati buluku pa chingwe choyanikira. Ana anagubuduka ndi kuseka. Panatha chilimwe chonse asanatulukire kuti asokerere nsungwi m'mphepete mwa thanga, kuti pansi pakazungulira kumwamba kumve.

Kuno ena dzungu amalitcha thanga, monga amanenera Angoni. Ndiye dzina linapezeka lokha. Opita kumunda ankaima panjira n'kufunsa a Mathanga ngati thanga lawo lakhwima, kuti abwere ndi mphika. Ena ankati n'loyamba m'dziko muno kuyanga pamtengo lopanda muzu womwe. A Zebron ankayankha moni yekha, zinazo ankazisiya zipite ndi mphepo.

Chinatsala ndi chingwe. Chinkafunika cha mikwamba khumi ndi iwiri, chowonda, chofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira, kuti chikwane pakati pa mbale zija. Zingwe za m'mudzi n'zomangira mbuzi, zonenepa. Luzi linkaduka. Akapota okha ndi dzanja lopunduka, chinkatuluka ngati njoka yomeza mazira, n'kukakamira pa mfundo yoyamba. Anapempha amuna awiri atatu odziwa kupota, koma ndani angaike dzanja lake pa chinthu chimene mudzi wonse ukuti n'chizimba? Miyezi inayi ngalawa inangokhala, nkhuku zikuikiramo.

M'mawa wina mu Seputembala chaka chino, potuluka m'nyumba anapeza chingwe chitapachikidwa pa msomali wa mlongoti. Chinali cha khonje, choyera, chowonda, chosalala ngati chogula. Anachiyeza ndi manja, mikwamba khumi ndi iwiri ndi kachidutswa. Atachiyang'anitsitsa anakhala pansi. Munthu akamapota pa ntchafu ndi dzanja lamanja, mizere ya chingwe imakwera mbali imodzi, ndipo zingwe zonse za m'mudzi muno zili choncho. Ichi mizere yake inkakwera mbali inayo. Wamanzere kuno analipo mmodzi. A Elinata anabadwa amanzere, ndipo ali mwana anawamenya mpaka anaphunzira kudya ndi kupereka moni ndi lamanja, koma mpeni ndi kupota zinatsalira kumanzere. Khonje amayabwa, amasupula ntchafu. Anapota masiku angati, atabisala kuti? Mayiwo anali akusesa pabwalo. A Zebron anawadzutsa monga mwa masiku onse, iwo n'kuyankha kuti adzuka, koma mbuzi za eni zalowanso kudimba.

Chingwe cha wamanzere chinakana njira imene chokulungira chinkazungulira. Chinkapotana n'kupanga timfundo tokha. A Zebron sanadandaule. Anamasula zonse, thanga analikulunga chobwerera, mphete yodutsamo chingwe anaisamutsira mbali ina, kuti chinthu chonse chimvere dzanja la mkazi wawo. Tsiku lachinayi masana kunabwera mphepo ya chilimwe ija youlutsa madenga a nkhokwe. Anakhala kumbuyo kwa ngalawa n'kukoka chingwe chotambasulira. Thanga linatseguka, chigamba chake chachikulu chili pakati, n'kudzaza mpaka matabwa analira. Anakoka chingwe cha khonje, ndipo linadzikulunga lokha, mwakachetechete, kuyambira pansi mpaka kunsonga. Anabwereza kakhumi kapena kuposa. A Elinata anali poteropo akupeta mphale, atafulatira. A Zebron amati lichero linaima kanthawi. Kaya anaima kuti acheuke, kaya kuti atsokomole, sakudziwa, pakuti chifuwa chinali chitawagwira mayiwo kuyambira nyengo yozizira.

Pa chakudya anawauza kuti Loweruka akayesa kudamu, ndipo m'ngalawamo muli malo a anthu awiri. A Elinata anafunsa kuti damu lake liti, poti ng'ombe zikuyenda pakati pake. Zinali zoona. Dzuwa linali litamwa madzi, kutsala matope ofika m'mawondo. Ndiye a Zebron anati nanga mvula ikagwa.

"Mvula ikagwa tidzaona," anatero a Elinata.

Mawu akuti tidzaona amenewo anawasunga ngati mbewu. Okutobala yense ankayang'ana kumwamba kuposa alimi. Koma mitambo isanasonkhane, mayiwo anayamba kulephera kunyamula mtsuko, kenaka khasu, kenaka mutu womwe. Anawatengera pa ngolo kuchipatala ku Chadiza, n'kubwerako ndi botolo la mankhwala ofiira. Masana ena mu Novembala, bingu loyamba likugunda cha kwa Zemba, a Elinata anagona pamphasa maso ali chitsekere. A Zebron anaona kuti damu lichedwa. Anagwada pambali pawo.

"Amake Timoti, tsiku lija inali nthawi yanga. Ndinachita mantha. Yosefe anapita m'malo mwanga."

Ntchentche inatera pa mkono wa mayiwo, a Zebron anaiingitsa. Patapita nthawi a Elinata anapempha madzi akumwa, maso osatsekula. Pobwera ndi chikho anawapeza ali m'tulo. Anamwalira patapita masiku awiri, osanenanso kanthu kopitirira kupempha kuti awatembenuze.

Pamaliro adzukulu, amene amasambitsa ndi kuika mtembo, amaloledwa kunena chilichonse, ndipo wokwiya nawo ndiye wolakwa. Wamkulu wawo anali a Simeoni, munthu wa pakamwa pakuthwa. Nsanda inali isanapezeke, Timoti uthenga unali usanamufike, ndipo anthu ankapangana zotuma wanjinga ku Chadiza kukagula nsalu. A Simeoni anaimirira fumbi la kumanda lili m'miyendo.

"Njinga ya chiyani? Nsalu si iyo yaima kuseriko ngati mbendera? A Mathanga, munamana mlongo, lero mumananso mlongo wake? A kwa Mwale onse azipita m'mphasa inu mukuweta nsalu?"

Ena anaseka, monga mwa mwambo. A Zebron anadzuka n'kuzungulira kuseri, anthu akuwatsatira. Anakhala pamalo pawo kumbuyo kwa ngalawa n'kukoka. Thanga linatambasuka pamaso pa mudzi wonse, mphepo ya mvula n'kudzazamo, ndipo ulendo uno panalibe woseka. Analisiya choncho pang'ono. Kenaka anatulutsa mpeni n'kulidula kulichotsa ku nsungwi, ulusi umodziumodzi, n'kulipereka ndi manja awiri. A Simeoni atalikhudza anati chiswe chikathyokerapo mano, ndipo a Elinata achita mwayi, akalowa kumwamba atavala za ku Kilimane. Anapemphanso chingwe chija kuti amangire. A Zebron anawapatsa luzi, chingwe n'kuchilowetsa m'malaya. Anthu anayang'anana. Munthu uja wakanizanso.

Tsiku lometa ndi pamene mayi wina anaulula kuti anawapezapo a Elinata kudimba akupota khonje, ntchafu ili psuu. Atawafunsa kuti n'cha chiyani, akuti anayankha kuti n'cha bambo a Timoti, athane nazo. Mawu amenewa ali ndi makomo awiri. Mudzi unasankha khomo lake, kuti mkazi anatopa, anamupotera mwamuna chingwe choti akadzimangirire, koma mwamunayo kupusa anakachikulunga pa habu ya njinga. Nkhaniyi inazungulira mpaka inawafika eni ake pachitsime.

Mvula inagwa sabata yotsatira, ndipo sinaleke. Pofika Disembala uno damu ladzaza mpaka kutayikira. A Zebron anagubuduza ngalawa pa zipika okhaokha, masiku atatu, mpaka kumadzi. Ikuyandama bwino, siikudontha ngakhale pang'ono. Mlongoti uli chiimire wopanda kanthu, ndipo mphepo ikawomba mbale zija zimazungulira zokha, kulira ngati njinga yotsika phiri. A kwa Mwale awauza kale kuti akakolola awasudzula, abwerere kwawo kwa Zemba, kumene owadziwa anatha kufa, ndiponso kulibe madzi oyandamitsa ngakhale chikho.

Ndi pamenepo ndinawapeza Lachiwiri. Funso lawo lija ndinayankha zoona, kuti kusukulu zimenezo sitinaphunzire. Anagwedeza mutu n'kunena kuti amadziwa, amangoyesa. Kenaka anandikhazika pansi n'kundiuza zonse zimene ndalembazi, za mfundo yomanga kale ija ndi za chikho cha madzi zomwe. Nditafunsa ngati ndingazilembe kuti anthu akutali awerenge, anati ndilembe, alibenso womubisira. Ndinawasiya akukulunga chingwe padzanja lopunduka, kuchimasula, kuchikulunganso, maso ali pa nthambi ya mkuyu wa m'mbali mwa damu. Mwina ankangoyang'ana mbalame.

Masiku atatu ndafunsa m'mutu mwanga, ndipo chimene a Elinata ankatanthauza sindikuchidziwa. Palibe adzachidziwe. Koma ndatsimikiza chochita. Mawa m'mawa ndipita kudamu nditanyamula buku langa lalikulu la Chingerezi, limene iwo sangawerenge. Ndikatsekula pakati, ndikaloza ndi chala, n'kuwauza kuti ndapeza, analemba kuti mkazi akapotera mwamuna chingwe ndi dzanja limene anabadwa nalo, ndiye kuti wati koka, mbali inayi ndagwira ine. Sindinanamizepo munthu wamkulu, ndiponso ndili m'kalasi ya ubatizo. Ndikudziwanso kuti munthu wodziwa kuwerenga chingwe sangalephere kuona mfundo m'mawu anga. Komabe ndipita, ndipo bodzalo ndikalipota bwino.